Dzinja Lodikira Sitima ya ku Bulawayo

Amjomba anali ndi kiyi wachitsulo wolemera, wopanda mano, wokhala ndi kabowo ka ngodya zinayi kunsonga kwake. Ankamumangirira pachingwe m'khosi, m'kati mwa malaya. Ankati kiyi ameneyo amatsegula chitseko chilichonse cha m'sitima yapamtunda, kuchokera ku Beira mpaka ku Kepi. Kwathu kufupi ndi Nkope kunalibe choti atsegule, pakuti chitseko chathu chinali chabango ndipo tinkachitseka ndi mpiringidzo. Tsiku limene anandilola kumugwira ndinamununkhiza. Ankanunkha thukuta ndi girizi.

Amjombawo anali mchimwene wawo wa mayi anga. Anachoka ndisanabadwe n'kukalowa ntchito yoyala mabedi m'sitima ku Bulawayo, ndipo anakwatira konko n'kubereka ana awiri. Bambo anga anamira panyanja ine ndili kumsana, mayi anawatsatira ndi chifuwa nditangoyamba sukulu. Ndinatsala ndi anganga, mayi wawo wa mayi anga, amene ankayanika usipa wa anthu ena pamathandala n'kumapatsidwako wandiwo. Ndinali mwana wamkazi wosayankhula. Amayi apadoko ankati, “Kamwana aka kamangoyang'ana ngati kadzidzi.”

Amjomba anafika Khirisimasi ili pafupi, mango atapsa mpaka kumaola pansi pamitengo. Anapita kumanda a mayi, anagwada nthawi yaitali, ndipo pobwera ananena chimene anadzera.

“Amayi, mwanayu ndimutenga. Akaphunzire limodzi ndi abale ake kwanga kuja.”

Anganga sakanatha kukana, pakuti mwana wa mlongo ndi wa mjomba wake. Anapukuta manja pachitenje n'kunena kuti, “Mbumba ili ndi mwini wake wamkulu. Achimwene anga akadali moyo kutsidya. Mwana sachoka pamudzi iwo asanamve.”

Mawuwo anali oona, ndipo amjomba anawalandira. Achimwene a anganga ankakhala kutsidya la nyanja, kupitirira Malindi. Amjomba anafuna kuwalondola okha kudzera ku Boma, koma anganga anati nkhani ya mwana imakambidwa pakhomo pamene pali manda a mayi wake. Choncho uthenga unapita ndi asodzi, ife n'kuyamba kudikira bwato.

Linali dzinja la mphepo ya mpoto. Nyanja inkada bii masanasana, mafunde n'kumataya zinyalala mpaka pamathandala. Usipa sunkauma bwino. Unkanunkha chinyontho, ndipo mtambo ukangobwera tinkathamanga kukawola ndi madengu. Amjomba ankatithandiza atapinda buluku lawo lam'tauni mpaka m'mawondo. Pa ntchito imeneyo ndi pamene ndinayendera mizinda yonse imene ndinaiyendapo m'moyo wanga.

Mathandala athu anali atandandalika mzera umodzi kutsata gombe. Amjomba anati lililonse ndi siteshoni. Tinkayambira loyamba, lomwe linali Balaka, tikutembenuza usipa, iwo n'kumandiuza zimene ndidzaone pazenera. Ankayankhula motsitsa, chifukwa anganga anali atawachenjeza kuti asamatame maiko a eni mokweza. “Kuno masiku ano ngakhale bango limamva,” anatero. Anyamata a chipani anali atawafunsa kale khadi pamsika, n'kuwafunsanso chifukwa chimene anakhalitsira kunja.

Ku Limbe, amjomba ankati, udzaona nyumba zosanjikizana ndi amwenye m'masitolo. Kenako mlatho wa pa Zambezi, wautali mwakuti ukayamba kudya chinangwa kutsidya lino umachimaliza usanafike kutsidya linalo. Ku Beira kuli nyanja yamchere imene imathawa gombe lake m'mawa n'kubwerera madzulo, ndipo sitima zapamadzi za kumeneko zikhoza kumeza mudzi wathu wonse ndi tchalitchi chomwe. Ku Umtali sitima imakwera mapiri ikupuma wefuwefu ngati nkhalamba. Ku Salisbury mitengo imathothola maluwa a mtundu ngati wa buluu wochapira zovala, anthu n'kumawaponda ndi nsapato. Thandala lachisanu ndi chimodzi linali Bulawayo. Pamenepo ankaima n'kuti, “Apa timatsika. Azakhali ako adzatidikira ndi ana papulatifomu.”

Ine sindinkafuna kutsika. Ndinkawakoka malaya kuti tipitirire, ndipo ankaseka n'kunditengera ku Joni, kumene kuli mapiri achikasu omangidwa ndi anthu ndi dothi lam'migodi, mpaka ku Kepi, kumene phiri lake ndi lathyathyathya ngati tebulo ndipo njanji imathera pamadzi. Thandala la Kepi linali lothyoka mwendo umodzi. Mpaka lero ndikamva dzina la mzindawo ndimaona chinthu chopendekeka.

Ndikaganiza tsopano, ndimaona kuti amjomba mizindayo ankaidziwira kumbuyo. Ankadziwa kumene amachapira nsalu za pabedi, pampopi pamene munthu wakuda ankaloledwa kumwa madzi, ndi kakhomo kotulukira antchito. Za m'kati mwa mahotela ankangomva kwa azungu amene ankawayalira. Koma kwa ine, amene ndinali ndisanafikepo ngakhale ku Boma, anali munthu amene anaona dziko lonse. Anandiphunzitsanso kuyala bedi lam'sitima pogwiritsa ntchito chitenje ndi mphasa, kupinda ngodya mothina kuti pasaoneke khwinya. “Ukakafika, azakhali ako akadziwe kuti kwathu kumachokera anthu,” ankatero.

Chaka chatsopano chinalowa, bwato osaoneka. Asodzi amene ankawoloka mphepo ikaleka ankabwera ndi mayankho osiyanasiyana. Ena ankati akuluwo akudwala mwendo, ena ankati akupalira. Amjomba anapita ku Boma kukatumiza lamya kuntchito kupempha masiku ena. Anganga ankawapezera zochita. Denga linkadontha, choncho analifolera. Manda a mayi anafunika kulambula. Nkhokwe inali itapendama. Chilichonse chinali chofunikadi, ndipo mwana wamwamuna amene wakhala kunja zaka zonsezo sakanati ayi.

Tsiku lina ndinaona anganga ali kuseri kwa bwato lovundikira, akuyankhula ndi msodzi amene ankawolokawoloka. Anamupatsa kamtanga ka usipa wouma bwino, umene tinkasunga. Ndinamva mawu ochepa okha: “Mukawauze asathamange. Nyanja njoipa.” Sindinauze munthu. Ndinkaganiza kuti akuwaderera nkhawa achimwene awo.

Sindiwaweruza anganga. Anali ataika mwana wamkazi m'manda, wamwamuna anali atawabwerera patapita zaka zambiri, ndipo sitima imodzi inali pafupi kuwachotsera onse amene anatsala. Sanafune kutiletsa. Anangofuna mwezi wina umodzi, kenako winanso.

Akulu akutsidya anafika chimanga chitayamba kukhwima. Anali nkhalamba yaing'ono ya maso oyera. Nkhani yonse imene tinaidikira dzinja lathunthu anaimaliza asanamwe n'komwe thobwa. Anatembenukira kwa amjomba n'kuti, “Mwanayu ngwanu, mphwanga. Mukanamutenga kalekale. Ine ndikanakana chiyani?”

Anganga anayang'ana pansi.

Madzulo a tsiku lomwelo aphunzitsi, amene anali ndi wailesi, anabwera kudzaima pakhomo chipewa chili m'manja. Anauza amjomba kuti amva zoti malire apakati pa Mozambique ndi dziko limene amjombawo ankagwirako ntchito atsekedwa chifukwa cha nkhondo, ndipo sitima za ku Beira sizikupitanso ku Umtali. Amjomba anaseka. “Aphunzitsi, njanji sitsekedwa ngati botolo. Ine ndayendamo zaka zonsezi.”

Tinanyamuka ndithu. Anganga anandimangira zovala m'kansalu, anandiikira chinangwa chophika, ndipo sanatiperekeze kumsewu. Basi inatitengera ku Boma, ina n'kutifikitsa ku Balaka, matope ali thapsa m'mawindo. Kumeneko ndinaona njanji koyamba. Inali yopapatiza kuposa mmene ndinkaganizira, ndipo pakati pake pankamera udzu. Sitima itafika nthaka inanjenjemera m'mapazi mwanga, fungo la dizilo linandilowa m'kamwa, ndipo ndinagwira dzanja la amjomba ndi manja onse awiri.

Iwo anapita pakawindo kogulitsira matikiti. Anayankhula nthawi yaitali, anatulutsa mapepala awo akuntchito, anayankhulanso. Wogulitsayo ankangopukusa mutu. Kudzera ku Zambia kunali kotseka kale. Ndege inalipo, koma ndege sinali ya anthu ngati ife. Sitima inaliza mluzu n'kumapita ku Limbe, ife tili chiimire, ine ndikuwerenga mabogi ndi chala.

“Tidzakwera ina,” anatero amjomba. Anandigulira tiyi ndi banzi, iwo osadya kanthu.

Titabwerera kumudzi anganga anatiwona tili patali. Anathamanga, anandigwira mutu ndi mapewa ngati akufuna kutsimikiza kuti ndine ndemwe. Kenako anayang'ana nkhope ya mwana wawo, manja awo n'kugwa. Kuyambira tsiku limenelo sindinawaonenso anganga akudya amjomba ali pomwepo.

Malire anadzatsegulidwa patapita zaka. Pamenepo ntchito ya amjomba inali itapatsidwa kwa wina, makalata awo anali atasiya kuyankhidwa, ndipo iwo anali munthu wokoka makoka a eni, wowonda, womwa kachasu. Anamwalira kwathu konkuno. Ine ndinalekeza sukulu panjira, ndipo kutali kumene ndinafikako ndi ku Balaka komwe kuja.

Koma dzinja lija ndinali ndisanadziwe zonsezi. Ndinkakhulupirira kuti ulendo wangochedwa. Kansalu kanga sindinakamasule. M'mawa uliwonse, ine mwana wosayankhula uja, ndinkawapeza amjomba atakhala pamchenga n'kuwafunsa kuti, “Amjomba, sitima yathu ibwera liti?” Ankangotembenukira kunyanja, ndipo ndinkawakwiyira. Sindinkadziwa kuti kumene njanjiyo inkapita kunali ana awiri amene ankafunsa mayi awo funso lomwelo, ndi kuti iwo, bambo awo ali moyo, anali atayamba kukhala chimene ine ndinali kale.