Bwato Loboola Pansi la a Ngulube

A Jethro Ngulube, mwamuna wa mwana wanga Rhoda, anali kalipentala. Nchito anaphunzila kwa mzungu ku Kariba. Atabwela kuno ku Kacholola mu 1961 anapanga kabwato koyenda ndi nsalu yokankhidwa ndi mphepo, pamudzi popanda ngakhale dziwe. Pansi pake anaboola dala kuti azilowetsapo thabwa, ati ndilo liletsa bwato kugubuduka. Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma bowo ndilidziwa.

Anakakweza pa kangolo, lole n'kukoka mpaka ku mtsinje wa Luangwa. Kumeneko anafuna kukwezamo Rhoda, ali ndi pakati. Mpongozi sulankhula naye maso ndi maso, ndiye ndinauza Rhoda kuti, "Khala pansi iwe. Ngati n'kumila, ayambe amiza ine."

Ndinapemphela, n'kukwela, n'kukhala chowafulatila monga mwa mwambo. Madzi sanalowe, Mulungu ndi mboni. Tili pakati pa mtsinje anafuna kukhota. Pokhota, mtengo wa m'munsi mwa nsalu umadumphila mbali inayo, ndipo munthu uyenela kuwelama. Koma akanayamba bwanji kuuza apongozi ao kuti welamani? Ndinangomva akuuza nsalu, mwaulemu kwambili, kuti, "Kukanakhala kotheka, akuluakulu akanatsitsako mutu pang'ono."

Ndikali kuganiza kuti akuluakuluwo ndani, mtengo unandipeza pakhutu.

Titafika kumtunda Rhoda anafunsa ngati angakwele. Ndinati, "Bwato lili bwino, kwela. Iwe ndiwe mkazi wao, adzakukalipila nthawi ikalipo."