Thumba la Rola

Nditapeza ntchito kumafakitale, choyamba kusintha m'nyumba mwanga chinali ufa. Kwathu ku Nangongwe ufa uli pawiri: bulekifasi, woyera mbee, wa anthu olandira pamwezi, ndi rola, wodera ngati mgaiwa, umene ndinakulira. Rola ndinautsanzika osacheuka. Ndiwo zinayamba kusambira m'saladi, mafuta ophikira aja, ndipo poweruka ndinkagula tchipisi ndi soseji pokwerera minibasi.

Thupi silinachedwe kuyankha. Aneba anga, mayi wogulitsa makala, ankandiimika pageti: "Iye, ba neba, mwaina! Ndalama yamikondani." Kunenepa kumeneko ndinkakunyadira zedi.

Tsiku lina ndinachita chizungulire kuntchito, ndipo kukiliniki anesi anandipeza ndi shuga. Ndinangoyang'ana mapazi anga. Matenda omwewo anadulitsa mayi anga mwendo asanamwalire, ndipo mwana wanga anali asanamalize pulayimale. Ndinachita mantha.

Anesi anati ndizidya bwino. Ine kumva "bwino" ndinathamangira kushopu yaikulu ya m'tauni, kumaapulo ndi nsomba zam'chitini. Mitengo yake inandibweza chimanjamanja. Ndinabwerera kukiliniki nditakwiya, n'kuwauza kuti thanzi ndi la mabwana.

"Nanga bondwe inamilakwilani chani?" anaseka anesiwo. "Chibwabwa, kalembula, vili mbwee pa maliketi. Chepesani saladi na nshima. Bwelelani ku rola."

Bondwe ndi ndiwo zamasamba zinazo sizinandivute. Koma rola! Ndinkagula mozemba, n'kukhuthulira m'thumba lakale la bulekifasi kuti alendo asaone. Minibasi ndinaisiya, n'kumapita kuntchito wapansi. Masiketi anayamba kukhwepa, ndipo manong'onong'o anayamba: ena ankati andichotsa ntchito, ena ankati ndi matenda aja osatchula. Aneba anafika ndi botolo la saladi, nkhope ili yachifundo. "Osadandaula, Mulungu aliko." Zinandipweteka kuposa jakisoni, koma ndinalandira ndi manja awiri.

Inapita miyezi ndikudya masamba otendera ndi tinsomba ta kapenta towiritsa, mwana wanga akudandaula kuti tasanduka mbuzi. Kenako tsiku lina anesi anayang'ana kamakina kawo koyezera shuga, n'kundiyang'ana ine. "Yasika, mami. Pitilizani chabe."

Ndinatuluka ndikuseka ndekha ngati wopenga. Ndinalowa pamsika, ndinagula thumba la rola, n'kulisenza pamutu, zilembo zake zikuyang'ana kutsogolo. Ndinadutsa nalo msewu waukulu dzuwa likuswa mtengo, ndikupereka moni ngakhale kwa anthu osawadziwa.

Aneba anaimirira pamakala awo. "Ba neba, rola? Kansi zavuta so?"

"Zavuta kuti?" ndinatero, ndikukweza chitenje mpaka m'mawondo. "Onani mendo yanga. Yonse ibili!"