Nkhata za Mumpanda

Amuna anga anabwera nako kamtengoko m'chubu, atakafungatira pamiyendo m'minibasi kuchokera ku Mulanje. Ine ndinaseka. Anthu akapita kumudzi amabwerako ndi nandolo kapena chinanazi, iwo ati mkungudza! Bambo awo anali ocheka matabwa kuphiri, ndiye ankati banja lawo linagwetsa yambiri, koma palibe anadzalapo ndi umodzi womwe.

Tinakadzala kuseri kwa nyumba yathu ku Chilomoni, pamtsetse pomwe madzi a mvula ankatikokololera dothi chaka ndi chaka. Kukula kwake, mayo ine, kochita kukwiyitsa. Mapapaya a aneba anabereka mpaka kugwa, iko kali m'chiuno. Madzi otsukira mbale ndinkathira pamenepo, mwina ndikung'ung'udza, komabe ndinkathira. Mwezi wa Okutobala zonse zikachita mbuu, iko kokha kanali biriwiri, ndipo ndinayamba kukakonda osadziwa.

Vuto linabwera ndi kubiriwirako. Kwathu kuno maliro akagwa, amayi timaluka nkhata zokaika pamanda, ndipo pamafunika masamba osafota msanga. Tsiku lina m'mawa ndinangoona amayi anzanga a kutchalitchi ali pakhomo, mipeni kumanja.

"Amayi, tangotipatsaniko tinthambi, kwagwa zovuta kumtundaku," anatero wamkulu wawo.

Ukana bwanji za maliro? Ukakana, tsiku lako adzakuimbira ndani? Ndinangoti dulani, mtima ukuwawa. Pamaliro otsatira amayi aja anabweranso. Kachitatu kamtengo kanatsala ngati tsache lotha, kansonga kokha pamwamba. Amuna anga anangokhala pakhonde, tiyi mpaka kuzizira m'kapu, ndipo ine chisoni chinandigwira kenako mkwiyo.

Loweruka ndinapita kunazale, ndinagula mbande za saipuresi, mitengo yosafota masamba ija imakula ngati yapenga, n'kuzindandalika mpanda wonse wa kumsewu. Poyembekezera kuti zikule, amayi aja akabwera ndinkawapatsa maluwa onse a pakhomo, ndi kuzungulira nawo kwa aneba kupempha masamba. Ena anandinena kuti ndine womana. Ndinawayankha kuti inde, pamtengo uwu wokha ndine womana, kanenereni kulikonse. Mpanda utakula, nkhani inatha yokha. Lero amadula osaodira n'komwe, ndipo ine ndimawabwereka chikwanje.

Mkungudza uja tsopano wapitirira denga. Mtsetse unaleka kugumuka, mizu inagwira dothi, ndipo tinthambi touma togwa pansi sindisesa chifukwa timasunga chinyezi. Apumbwa ndi atimba amasokosa m'menemo kuyambira m'mamawa. Mvula ikangowaza, fungo lake limalowa mpaka kuchipinda, amuna anga n'kumati ndi mmene ankanunkhira malaya a bambo awo. Ndimakondwa, sindinama.

Masiku ano amuna anga miyendo ikuwavuta, ndiye amaswera pampando pansi pa mtengowo. Tsiku lina ndikuwapatsira phala, anayang'ana m'mwamba nthawi yaitali.

"Mayi, tsiku langa likadzafika, mudzadule kanthambi kamodzi kokha ka umenewu, mudzaike pankhata yanga," anatero.

"Inu bambo, musandiyambe," ndinatero. "Mudzapita ndi za mumpanda ngati anzanu onse. Uwu sadula."

Anaseka mpaka kutsokomola, misozi ili mbwembwembwe. Kenako anagwira thunthu lija ndi dzanja, n'kunena chapansipansi kuti basi, ndiye utsala.