Gladys Wapansi ndi Gladys Wapamwamba

Fungo la timakeke ta mphesa zouma tikupsa pachiwaya ndi limene limandibwezera kwa Mayi Morgan. Linkakwera masitepe a nyumba yathu ku Romford, mu London, cha m'ma folo koloko, litasakanikirana ndi fungo la hita ya gasi ndi polishi wa pansi, ndipo pambuyo pake pankabwera phokoso la wailesi yawo imene sankaitsitsa, ndi kugogoda kwa ndodo yawo akamachoka kukhitchini kupita pawindo. Iwo ankakhala pansi, ine ndi amayi pamwamba. Khomo lakunja linali limodzi, ndipo makalata athu onse ankagwera pakapeti imodzi.

Tinalowa m'nyumbayo ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, amayi atapeza ntchito ya unamwino pachipatala chachikulu cha m'deralo. Mwezi wathunthu Mayi Morgan sanatiyankhule, kupatula kutiuza tsiku lotulutsa zinyalala. Anali mzungu wamfupi, wa zaka zopitirira makumi asanu ndi atatu, wosaseka wamba. Loweruka lina m'mawa tinamva ndodo ija ikukwera masitepe pang'onopang'ono. Amayi atatsegula chitseko anapeza gogoyo ali wefuwefu, m'manja muli kalata yotsegula kale.

"Ndaitsegula ndine," anatero m'Chingerezi chawo chomveka ngati akuimba. "Ndinangoona dzina loyamba. Koma ine mano ndilibe, dokotala wa mano sangandiitane. Gladys ndani muno?"

Amayi analoza ine. Gogoyo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Iwe? Ma Gladys onse amene ndimawadziwa ali kumanda, otsalawo ali panjira. Inenso ndine Gladys."

Kuyambira pamenepo, amayi akakhala pa shifiti ya masana, ndikaweruka kusukulu ndinkafikira pansi. Sankandisisita Mayi Morgan. Ankandipatsa timakeke tiwiri, osati titatu, n'kundiuza kuti ndilembe homuweki. Ndikamaliza ndinkawathandiza kupinda nsalu zochapa, iwo atagwira mbali ina, ine ina, tikuyandikirana mpaka ngodya zitakumana.

Chimene sankadziwa iwo ndi amayi omwe n'chakuti dzina limeneli linali litandisautsa kale. Tsiku langa loyamba kusukulu aphunzitsi ataliitana, kalasi yonse inaseka. Mtsikana wina anati ndi dzina la agogo a agogo ake, ndipo anyamata anayamba kuyenda chowerama ndikamadutsa, ngati atsamira ndodo. Kwathu ku Malawi m'kalasi mwathu tinalipo ma Gladys atatu, palibe ankaona chachilendo. Kuno linali dzina la nkhalamba. Tsono ndinauza aphunzitsi kuti kunyumba amanditcha Jade, ndipo iwo, pofuna kundikomera mtima, anayamba kunditchula choncho. Ndinalemba Jade pamakope anga onse, n'kumawabisa pansi m'chikwama.

Zinaululika tsiku limene makolo amakakumana ndi aphunzitsi. Amayi anabwera ali mu yunifolomu, atapempha mnzawo kuti awagwirire maola awiri. Aphunzitsi anayamba mosangalala kuti Jade akuchita bwino masamu, Jade wazolowera msanga. Amayi anacheuka kuona ngati pali mwana wina kumbuyo kwawo. Kenako anaona chikuto cha kope langa patebulo. Anathokoza aphunzitsi mwaulemu, ndipo tinakwera basi kubwerera kunyumba.

"Jade ndani?" anandifunsa titangotseka chitseko.

Ndinawayankha m'Chingerezi, monga ndinali nditayamba kuchitira masiku amenewo. Ndinati Gladys ndi dzina lonyansa, la nkhalamba, ndipo sindikulifunanso.

"Limenelo ndi dzina la amayi anga," anatero. "Anamwalira iwe uli m'mimba. Kuno ndinabwera ndi sutikesi imodzi, iweyo, ndi dzina limenelo. Ukuti lonyansa?"

Sanandimenye. Analowa kuchipinda. Koma sabata yonse yotsatira sananditchule dzina lililonse. Ankangoti, "Iwe, bwera udye." "Iwe, basi ikusiya." Zimenezi zinandipweteka kuposa kukwapulidwa.

Denga la Mayi Morgan linali pansi pathu, ndipo ngakhale Chichewa sankachimva, mbali yanga ya mkangano anaimva yonse. Lolemba nditamaliza timakeke tanga anandituma kuti nditsitse chitini cha mabisiketi chimene chinali pamwamba pa kabati. Munalibe mabisiketi. Munali timapepala todula m'manyuzipepala, tachikasu ndi ukalamba, ndi zithunzi zingapo.

Anatenga pensulo yanga nalemba kuseri kwa envulopu: Gwladys.

"Kwathu ku Wales timalemba chonchi. Angerezi anachotsapo chilembo chachiwiricho chifukwa chinkawavuta lilime. M'chinenero chathu gwlad ndiye dziko. Ena ophunzira amati ayi, linachokera ku dzina lachiroma lotanthauza wotsimphina." Anagogoda ndodo yawo pansi. "Kwa ine zonse zikugwirizana."

Kenako anayamba kutulutsa timapepala tija kamodzikamodzi, osakweza mawu, ngati akuwerenga mndandanda wa zokagula kumsika. Tonse tinkakamba za ma Gladys. Woyamba anali mwana wa mfumu ya ku Wales wa kalekale, amene mfumu ina yankhondo inamulanda kwa bambo ake n'kumukwatira. Mkaziyo ndi amene anadzafewetsa mwamunayo mpaka anasiya nkhondo, ndipo atakalamba anakakhala kwayekha kumapemphera, akusamba mumtsinje wozizira ngakhale nyengo yachisanu. Mpaka lero kuli matchalitchi omukumbukira. Wachiwiri anali mtsikana wantchito ya m'nyumba wa mu London momwemo, amene a mishoni anamukana kuti alibe sukulu, koma anakwera sitima yekha mpaka ku China, ndipo nkhondo itabuka anawolotsa ana amasiye ambirimbiri m'mapiri wapansi. Wachitatu anali woimba wa ku Amereka, mkazi wakuda ngati ine, atavala diresi yonyezimira.

"Ameneyu ndimamumva pawailesi," anatero. "Mawu ali nawo."

Ndinafunsa ngati iwonso ankasekedwa ali mwana.

"Ayi. Nthawi yanga linali dzina la atsikana okongola. Langa anachita kundilanda." Anatseka chitini. "Ndinabwera ku London ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi kudzagwira ntchito ya m'nyumba. Dona wake anati wophika wake ndi Gladys kale, sangamaitane awiri, ine ndikhala Mary. Ndinavomera, ntchito ndinkaifuna. Ndinazolowera. Mwamuna wanga anakwatira Mary, anzanga onse ankadziwa Mary. Sindinafe nazo. Ukafuna kukhala Jade, khala, palibe angakumange."

Anasalaza nsalu ya patebulo ndi chikhatho.

"Kungoti amayi anga atadwala komaliza ndinaimba foni kuchipatala kwathu. Ndinauza namwino kuti awauze kuti mwana wawo Mary akubwera ndi sitima ya mawa. Ndinaiwala, pakamwa panangotuluka Mary. Namwino anabwerera pafoni n'kunena kuti mayiwo akuti alibe mwana wa dzina limenelo. Ndisanafotokoze foni inaduka. Pofika ine mawa lakelo anali atapita." Anaimirira. "Tsuka kapu yako."

Madzulo amenewo amayi atabwera kudzanditenga, Mayi Morgan sanawalole kuima pakhomo monga mwa masiku onse. Anawakokera mpando, nawathirira tiyi, n'kuwafunsa kuti Gladys wa ku Malawiyo anali ndani ndipo dzinalo analitenga kuti.

Aka kanali koyamba kumva amayi akukamba za agogo nthawi yaitali. Anati agogo anali mzamba m'mudzi wina ku Ntcheu. Dzinalo anasankha okha ali mtsikana, mphunzitsi wa kalasi ya ubatizo atawawerengera mayina achizungu kuti aliyense atengepo limodzi. Tanthauzo lake sankalidziwa, ankangoti linkamveka ngati la munthu wosaopa. Ankayenda mitunda wapansi, mvula kaya dzuwa, lumo latsopano ndi ulusi zili m'kathumba, ndipo anthu ambiri a m'midzi yozungulira anabadwira m'manja mwawo. Amayi anati iwo anasankha unamwino chifukwa chowaperekeza m'maulendo amenewo.

"Chithunzi chawo muli nacho?" anafunsa Mayi Morgan.

"Chimodzi chokha."

"Kajambulitseni china. Ameneyo malo ake ndi m'chitinimu."

Loweruka amayi anapita nacho chithunzicho kushopu ya zithunzi pafupi ndi msika. Agogo, atavala duku ndi chitenje, atakwinya nkhope chifukwa cha dzuwa, analowa m'chitini pakati pa mwana wa mfumu ndi woimba uja. Tikukwera masitepe amayi anati, "Gladys, tenga makiyi m'chikwamamu." Ndinawatenga.

Sindinganame kuti Lolemba lotsatira ndinakalengeza dzina langa lenileni kusukulu. Ndinakhalabe Jade mpaka ndinamaliza pulayimale, chifukwa ndinalibe mtima woyambiranso kusekedwa. Koma tsiku loyamba ku sekondale aphunzitsi ataitana Gladys, n'kufunsa ngati pali dzina lina limene ndimakonda, ndinati palibe. Ana awiri anaseka. Pofika Lachisanu anali atapeza china choseka.

Mayi Morgan anagwa m'bafa ndili ndi zaka khumi ndi zinayi. Mwana wa mchimwene wawo anabwera ndi galimoto n'kuwatengera kunyumba yosamalira okalamba ku Wales, ndipo chaka chisanathe tinalandira khadi yotiuza kuti amwalira. Chitini chija anapita nacho. Kumene chinathera sindikudziwa.

Chaka chatha ndinapita ku Ntcheu koyamba chichokereni, ndipo amalume ananditengera kumanda kukaona pamene agogo anagona. Pali chiliza cha simenti chimene anthu a m'mudzimo anamanga okha, ndipo dzina linalembedwa ndi msomali simentiyo isanaume: GILADESI NACHISALE. Amalume anachita manyazi. Anati analemba ndi mmisiri wosapita patali ndi sukulu, ndipo popeza ndabwera ine wa ku London, ndiwalembere kalembedwe koyenera kuti akonze.

Ndinawafunsa kuti anthu ankawaitana bwanji agogo akabwera kudzawatenga kuti mayi wina wayamba kumva ululu.

"Ankangokuwa ali pamsewu," anatero amalume. "A Giladesi! A Giladesi!"

"Ndiye lisiyeni choncho, amalume," ndinatero. "Analemba bwino."