Zala za amama ndi kamakina ka pakhutu

Amama akhala akudwala matenda akugwa kuyambira ndili ku pulayimale. Mapiritsi amamwa, koma matendawo amangochepa, osatha. N'chifukwa chake kudziwe kumene timaviika chinangwa sapita okha, ndimawaperekeza ine.

Ndili Fomu 3, kuchipatala kunabwera dokotala wina wa ku Thyolo ndi kamakina koti kazithandizana ndi mapiritsiwo. Anatifotokozera kuti pali mtsempha wochokera ku ubongo umene umatsikira kumtima ndi m'mimba, ndipo kanthambi kake kamadutsa pakhutu. Kamakinako amakapana pakhutupo kuti kazitekenya mtsemphawo ndi timagetsi tochepa, osaboola khungu. Koma anati ayambe waona mmene mtima wa amama uchitire. Ukayamba kugunda mochedwa kwambiri, ndiye kuti kamakinako si kawo.

Tsiku loyezetsa kunali mwera wozizira. Ndinawapempha amama kuti tingonyamuka, koma anakana. Chinangwa chinali chitafewa m'madzi, ndipo chikagoneranso, nsima yake ya kondowole imanunkha.

"Dokotala adikire," anatero. "Chinangwa sichidikira munthu."

Tinavuula chonse, n'kutsuka, n'kuyanika pathandala, kenako ulendo.

Kuchipatala anawakhazika pampando, n'kuwauza kuti asayankhule. Kamakina kaja pakhutu lamanzere, kena kowerenga kugunda kwa mtima pachala. Pagalasi la makina panayamba kuyenda kamzere kosonyeza kugunda kwa mtima, kokwera ndi kutsika, koma mofooka. Dokotala atangotsegula magetsi a kamakina ka pakhutu, amama anatsinzina. Kamzere kaja kanagwedera, kenako kanazimiririka, makina n'kuyamba kulira.

Ine ndinadzambatuka. Ku sukulu tinali titangophunzira za mtima, ndipo ndinkadziwa tanthauzo la mtima wosaoneka kugunda.

"Amama!" ndinakuwa.

Anatsegula diso limodzi. "Iwe, si anati tikhale chete?"

Dokotala anazimitsa magetsi msanga, n'kuwagwira pamkono kuti amve mtima ndi zala zake. Kenako anatembenuza dzanja la amama, kuona zala zoyererako, zamakwinya, zozizira ngati usipa wongovuula kumene. Ananunkhiza, n'kuseka.

"Mayi, manja awa achokera kuti?"

"Ku chinangwa, adokotala. Kwanu kuja mumadya tiyi yekha?"

Anatiuza kuti zala zikazizira magazi amayenda ochepa kunsonga, ndiye kachipangizo ka pachala kamasowa chowerenga. Mtima unali bwinobwino. Anamwino anabweretsa kapu ya madzi otentha, amama n'kuifumbata uku akung'ung'udza kuti madzi opanda shuga ndi chipongwe.

Atayambiranso, kamzere kanabwera konenepa, kokwera ndi kutsika ngati bwato pamafunde abwino. Magetsi atalowa, ndinayang'anitsitsa mpaka maso kuwawa. Sikanasowenso. Dokotala anawerenga manambala, anawaunika m'maso ndi katochi, n'kufunsa chimene akumva.

"Ngati nyerere ikuyenda m'khutu," anayankha. "Koma yaulemu, siluma."

Anati mtima walola, tikhoza kuyamba. Sanalonjeze kuti matenda atha, anangoti tizibwera kuti aziona.

"Yewu," anathokoza amama, akuvala mpango.

Pobwerera, pamsewu wa ku Kande, ndinawagwira dzanja. Linali lofunda, likununkhirabe chinangwa. Anandiuza kuti tsiku loyezetsa likamadzafika, chinangwa ndizivuula ndekha, iwo azingokhala pamtunda, manja m'khwapa. Ndinavomera asanamalize n'komwe.