Duwa limene ndinabwera nalo ku Kanyenda

Ansembe a ku mishoni atandiuza kuti andipezera malo pa yunivesite ina ku Joni, kukaphunzira za maluwa ndi kakonzedwe ka minda ya m'mizinda, sindinafunse maganizo kwa munthu. Ndinangovomera. Bambo anga anaseka mpaka kutsokomola. "Maluwa amadyedwa, Yohane? Ife kuno ndi mpunga ndi nsomba." Komabe anandiperekeza mpaka padoko la Kota Kota.

Ku Joni kunkazizira, ndipo ndinkasungulumwa koopsa. Ngakhale ndalama ya sitampa inkandivuta. Anzanga akapita kutauni Loweruka, ine ndinkatsala pambali pa dziwe la simenti la pasukulupo, poti madzi amene ndinkawaona anali okhawo. Pamwamba pake pankayandama chomera cha masamba onga supuni, maluwa ake okongola ngati chitenje chatsopano. Lachisanu lililonse antchito ankachivuula n'kuchiwotcha. Lero ndimadzifunsa kuti munthu wopita kukaphunzira ndinalekeranji kufunsa chifukwa chake. Nthawiyo ndinkangoti ndi kuwononga kwa azungu basi.

Patchuthi chokhacho chimene ndinabwera kumudzi, ndinanyamula timbewu titatu ta chomeracho m'chitini cha madzi, n'kutiponya mukamtsinje kodutsa m'dambo lathu la mpunga kupita kunyanja. Ndinkafuna bambo aone kuti sindinapite kukasewera.

Chaka chotsatira mphunzitsi wathu anaika chomera chomwecho patebulo. "Ichi chikangothawa m'dziwe chimapha mtsinje," anatero. "Sindinaonepo wochigonjetsa." Tsiku lomwelo ndinalembera bambo kalata kuti achizule chonse, achiwotche. Yankho linafika patapita miyezi iwiri: "Duwa lako lili bwino, usadandaule. A Mwanaisha, amasiye aja a kutsidya, atengako kukaika pakhwawa pawo." Ndinalembanso, ndinalembanso. Za duwa bambo sanazitchulenso, ankangondiuza za mvula ndi chifuwa cha amayi. Kusatchulako kunkandiopsa kuposa uthenga wa maliro.

Nditamaliza maphunziro ndinatsika sitima n'kuyenda wapansi mpaka kwathu. Mtsinje sindinauone. Pamalo pake panali pobiriwira ngati bwalo la mpira, kuyambira kudambo mpaka pothirira m'nyanja. Mabwato anali pamtunda, atang'aluka ndi dzuwa. M'dambo madzi anali ataima, akununkha, mpunga utavunda, udzudzu ukuluma dzuwa lili pamutu. Chomeracho anali atachitcha kale dzina, namasupuni.

Ndinkayembekezera miyala, koma anandilandira ndi nthungululu. Msodzi wina wachikulire anandigwira dzanja ndi manja awiri.

"Mwabwera bwino, aphunzitsi a maluwa. Mutipatse mankhwala a chinthu chimene inatiponyera mfiti ija."

"Mfiti iti?"

"Mwanaisha. Tinamupeza akuchiweta pakhwawa pake. Nyumba tinagwetsa, iye tinamuthamangitsa. Akuti ali ku Benga, akupemphetsa."

Ndinayang'ana bambo. Iwo ankayang'ana zala za kumapazi. Anthu atabalalika ndinawatsatira kuseri kwa nkhokwe.

"Bambo, inu mukudziwa amene anabwera nacho."

"Makalata ako ndinawotcha onse," anatero chapansipansi. "Ukanakonda agwetse nyumba ya mayi ako? Tseka pakamwa, mwana wanga."

Ku Joni ndinkalota kwathu ngati malo a anthu osadziwa kuipa, bambo anga ngati munthu wosanama. Kumeneko kunali kulota kwa munthu wosungulumwa. Kwathu kunkafuna wina woti asenze tsokalo, ndipo kunasankha amene analibe womuyankhulira.

M'mawa mwake ndinalowa m'madzi ofika m'chiuno, ndikuwaonetsa anthu kavuulidwe kake, uku ndikudziwa kuti sichidzatha. Ankandithokoza ndi mazira ndi nsomba zouma, ine n'kumalandira. Pakamwa ndinatsekadi. A Mwanaisha anamwalira ku Benga komweko, anaikidwa ndi anthu osawadziwa, ndipo kufikira lero ku Kanyenda ana amaopsezedwa ndi dzina lawo.