Chiwindi cha ba malume

Mwachoma bwanji nonse.

Ng'ombe ija ba malume anapeleka ya ukwati wa mlongo wanga Tisa taipha lelo kuno ku Chelstone. Muwadziwa, amaweta pa foni ali khale ku Kabulonga. Ng'ombe zawo zimadya m'dambo chaka chonse, koma mankhwala a njoka za m'mimba anakana, ati "zanga ni za mtundu, sizidwala."

Titacheka chiwindi, tinjoka taphanthiphanthi ngati masamba tayamba kutuluka, tamoyo, kuyenda m'mbale!

Ba malume, amene pa phwando lililonse amalimbikila kuti chiwindi ni cha mwini ng'ombe, lelo ati, "Ulemu ni wofunika, tisungile apongozi a Tisa."

Ine nachikwilila kuseli kwa nyumba. Manje nithandizeni: apongozi akachifunsa pa ukwati, niwauze kuti alendo a ba malume anayambilila kudya?